Boti Lopopa pa Damu la kwa Apongozi

Lolemba

Lafika! Boti lafika.

Msuweni wanga wa ku Joni analitumiza kalekale, mvula isanathe, ndipo lakhala likungoyenda m'manja mwa matransipota mpaka lero. Ndakalitenga ku Boma. Kuchokera ku Boma pa lole ya mtedza, kuchokera pa Mkanda pa kabaza. Wakabaza akufunsa ngati m'katonimo muli matiresi. Ndikumuuza kuti muli boti. Akuseka mpaka njinga kuyenda mokhotakhota.

Ndilembe bwinobwino chimene ndadzikoleka m'khosi, kuti mawa ndisadzakane. Lamulungu likubwerali Tadala wathu akubatizidwa. Abale onse a mayi ake adzadyera kuno, kunyumba ya sukulu. Pa msonkhano wokonzekera, alamu anga a Layitoni anati apereka mbuzi. Ine, mkamwini, popanda wondituma, ndinaimirira n'kunena kuti mbuziyo ikhale, ndiwo ndi ine. Nsomba. Zogwira ndekha, pa damu la kumudzi kwawo komweko.

Chifukwa chake n'chodziwika. Kwathu ndi ku Nkhotakota, ku Mchinji kuno ndinabwera ndi uphunzitsi, ndipo khasu silinandikonde. Mzere wanga umayamba m'munda mwathu n'kukathera m'munda mwa eni. Fodya sindimudziwa. Mtedza ndimadziwa wokazinga. A Layitoni amanditcha "alamu a choko", ndipo anthu amaseka nthawi zonse ngati akumva koyamba. Ndatopa nazo. Koma madzi! Pamadzi pokha andione.

Za m'katoni:
- boti, lopindidwa ngati lona, lonunkha nsapato zatsopano za pulasitiki
- nkhafi ziwiri, zopepuka moti Tadala angasewere nazo
- mota ya magetsi: ndodo yaitali, kumutu chogwirira, kunsi kapulopela
- pepala la malangizo m'chiyankhulo chimene sindinachionepo, ndi chithunzi cha mzungu wa chipewa akumwetulira

Zimene mulibe: pampu, batire, ndi pomangirira mota. Mzungu wa pachithunzi ali nazo zonse.

Ndasankha mota ya magetsi dala. Ilibe phokoso, sithamangitsa nsomba, sifuna petulo. Uyenda nayo pang'onopang'ono, mbedza ikukokeka kumbuyo, nsomba n'kumadzipereka zokha. Ndafotokozera mayi a Tadala zonsezi. Aima pakhomo, mwana kumsana, akuyang'ana lonalo. "Ndiye mbuzi ija ndi imeneyi?" Basi, abwerera kukhitchini.

Mtima uli m'malo. Masiku alipo ambiri.

Lachiwiri

Vuto loyamba: mota ilibe pokhala. Maboti a kwathu amakhala ndi thabwa kumbuyo lomangirapo injini. Ili kumbuyo kwake n'kozungulira ngati soseji. Ndaweruka n'kupita pa Mkanda kwa wowotcherera zitsulo. Ndamujambulira pansi ndi kamtengo. Ndamuonetsa mzungu. Akugwedeza mutu: "Zazing'ono izi, aphunzitsi. Ife timapanga ngolo." Mawu amenewa andilimbitsa mtima.

Vuto lachiwiri: pampu ya njinga sikugwirizana ndi boti. Bowo la boti n'lalikulu ngati pakamwa pa botolo, mpweya ukungothawira pambali. Kachidutswa ka paipi, malegeni, kumanga zolimba. Zatheka.

Ndikupopa. Ndikupopa. Ndikupopabe. Mkono wamanja watha, wamanzere watha, ndabwerera ku wamanja. Boti likudzuka pang'onopang'ono ngati munthu wochira malungo.

Ladzuka! Lokongola, lotuwa, mizere yabuluu m'mbali. Ladzaza pabalaza ponse, tebulo ndakankhira kukhoma. Ndakhalamo, ndagwira nkhafi, ndapalasa simenti pang'ono. Ndikufuna kulemba dzina kutsogolo, monga tichitira kwathu: TADALA. Mayi ake akana. "Dzina la mwana wanga lisakamire."

Pakhomo silikutuluka. Chogona ayi, cham'mbali ayi, choimirira ayi. Pawindo pali zitsulo. Mayi a Tadala akufuna kudutsa ndi beseni la matewera, njira palibe, adutsa m'boti. "Woyamba kukwera ndine," akutero.

Ndaphwetsa. Mpweya wa masana onse watuluka tiyi asanazizire m'kapu.

Phunziro: kupopera panja.

Madzulo, uthenga wochokera kwa apongozi, amayi awo a mayi a Tadala. Uthenga wawo umayenda choncho, kudzera mwa mwana wawo. Chikwatirireni sitinayang'anepo m'maso, sitinayankhulanepo mwachindunji. Tikakumana panjira iwo amapatukira kumanzere, ine kumanja, moni timapereka kwa udzu. Ndi ulemu, ndipo pa ulemu umenewu palibe mkamwini amandiposa. Khasu landikana, koma kupatuka ndimatha.

Uthengawo: "Amayi akuti Loweruka mudzi wonse ukukapa damu. Ngati mukufuna kuyendetsa chinthu chanucho, muyendetse lisanafike Loweruka."

Kukapa damu! Ndi ndowa! Kwathu timakapa madzi olowa m'bwato, sitikapa nyanja. Ndaseka mpaka Tadala wadzuka. Damu limenelo ndinaliona ndi maso angawa mu Malichi, madzi mpaka pa mkuyu, munthu wa tsidya lina kuoneka ngati nyerere. Anthu a kumtunda nawonso!

"Mu Malichi," akutero mayi a Tadala.

Lachitatu

Wowotcherera wabweretsa yekha katundu. Pa wilibala. Ndaona wilibalayo ali patali, mtima wanga wayamba kale kutsika.

Chimene wapanga: chimango cha makona anayi, cha zitsulo zopangira ngolo, chopaka utoto wofiira, kumbuyo kuli mphete. "Ndawonjezera pokolekera, mwina tsiku lina mudzafuna kukoka kanthu." Tanyamula awiri. Ndapopa boti, panja, tachikhazika kumbuyo. Boti latukula mutu m'mwamba ngati mbuzi yofikira masamba. M'makona mwa chitsulocho n'mwakuthwa ngati lumo. Ndachichotsa msangamsanga ndisanalire.

"Chimenechi zidzukulu zanu zidzachipeza," akutero monyadira. Zoona. Pansi pa damu.

Mayi a Tadala achizungulira kawiri, achikhazika pa njerwa, ayanikapo mbale. Nyumba ino yapeza thandala limene chiswe sichidzalidya. Munthu mmodzi wapindula kale ndi boti.

Njira ina: thabwa la desiki yothyoka ya ku Sitandade 6, chingwe, malegeni. Boti lili ndi timphete tapulasitiki m'mbali, ndamangirira pamenepo. Likugwedera pang'ono koma lagwira. Pathabwapo palembedwa kuti "Gift ndi mbava". Ndatembenuzira mkati. Ndapanirapo mota. Ikuoneka ngati ya mzungu uja, ukaima patali.

Batire. M'nyumba muno muli imodzi yokha, ya sola, imene imayatsa mababu, wailesi, ndi mafoni a theka la mzere wa nyumba za aphunzitsi. Ndaichotsa. Ndi nkhani ya masiku ochepa. Ahedi abwera ndi foni yawo m'manja, ayang'ana mawaya akulendewera, ayang'ana boti. "Aphunzitsi, kodi kusefukira kwa madzi kwalengezedwa?" Abwerera ndi foni yawo.

Kuyesa mota: mumgolo wa madzi kuseri kwa nyumba. Ndamiza kapulopela, ndalumikiza mawaya, ndapotoza chogwirira. Ikuyenda! Phokoso palibe, ingoti fuuu. Madzi atuluka mumgolo n'kundipeza kumaso, ena pa matewera amene anali atauma kale. Mawaya ndinasemphanitsa, wofiira pa malo a wakuda. Ndakonza. Ndayesanso. Madzi otsala apita mbali inayo, pa nkhuni.

Madziwo anatunga ndi mayi a Tadala kumjigo, m'mamawa, mwana ali kumsana. Sanakalipe. Angondipatsa ndowa. Ndakaima pamzere pakati pa azimayi, ine ndekha wa buluku. Palibe wandifunsa kanthu, onse akudziwa kale. Wina kumbuyo, monong'ona koma kuti ndimve: "Ndi aja akufuna kukwera matiresi pa damu."

Zotsala:
- nyongolotsi
- kupangana ndi wa ngolo
- zigubu ziwiri zomanga m'chiuno, boti likatembenuka pakuya

Munthu wa kunyanja saseweretsa madzi akuya.

Lachinayi

Ndapita kukaona damu. Ndikanapita Lolemba.

Mkuyu ulipo. Madzi pa mkuyu palibe. Ndikuyenda pa dothi long'alukang'aluka, ndikudutsa mapazi a ng'ombe ouma, ndikuyendabe. Madzi ndawapeza pakati penipeni, odera ngati tiyi wamkaka, kukula kwake ngati bwalo la ntchemberembaye, mwina kuposerapo pang'ono.

Kumene apita madzi:
- nazale za fodya, mbali zonse, zobiriwira ngati zikundiseka
- madimba a tomato ndi mpiru
- mapampu opondaponda, mapampu a sola, makheni, makheni, makheni
- ng'ombe
- oumba njerwa
- dzuwa la Okotobala

Palibe anandiuza kuti kuno madzi amasamuka. Ayi, anandiuza. Koma kwathu madzi ukawasiya pamalo, umawapeza pomwepo.

Nsomba zokha zilimo! Milamba yonenepa ikubwera pamwamba kudzapuma, yapanikizana malo amodzi. Ndiye kuti ntchito yachepa. Ndikudziuza choncho.

Pobwerera, pa kanjira kopapatiza ka m'bango, apongozi, kheni ili m'manja. Iwo kumanzere. Ine kumanja, m'minga. Ndanjuta, ndaomba m'manja, ndapereka moni kwa bango. Bango layankha kuti ladzuka bwino, kaya kusukulu. Kenako apongozi, akuyang'ana kheni yawo: "Wina akawauze aphunzitsi kuti pakati pafika m'mawondo. Pansi pake ndi thope lokhalokha." Wina wake panalibe, tinali awiri. Ndathokoza bango.

Kunyumba ndayeza ndodo ya mota. Imandifika m'chiuno. Zigubu zija ndabwezera kukhitchini mwakachetechete.

Ganizo labwera: mbuzi. Osati kubweza mawu ayi, kungowonjezera ndiwo. Ndapalasa njinga mpaka pa Mkanda kukafuna a Layitoni. Ndawapeza pa chiwaya cha kanyenya, akutokosa m'mano. Pamtengo papachikidwa mbuzi yosenda, mchira wokha ndauzindikira. "Munati ikhale, alamu, ndiye ndagulitsa. Lawani, ndi yanu yomwe ija." Ndalawa. Yokoma kwambiri, ndipo chimenecho ndicho chandiwawa.

"Tikudikira chambo," akutero. "Ndauza ndi abale a ku Chipata omwe kuti abwere. Ndati alamu athu ali ndi sitima."

Ndili ndi mantha tsopano, ndilembe poyera. Si njala ya alendo ayi, nyemba zilipo. Ndikuopa kuseka kwa a Layitoni, kumene kudzafika mpaka pa ukwati wa Tadala. Ndikuopanso nkhope ya mayi a Tadala pamaso pa abale awo, akugawa nyemba pa ubatizo wa mwana wawo woyamba chifukwa cha pakamwa panga.

Pulani: mawa kuweruka msanga, kuwedza mpaka dzuwa kulowa. Okapa adzapeza ndamaliza.

Lachisanu

Nyongolotsi: zilipo, ndakumba kuseri kwa bafa.
Mbedza: zilipo.
Ngolo: tapangana.
Boti: lopopa kale, lagona panja.
Batire: palibe.

Kwaya! A kwaya anabwera dzulo ine ndili pa Mkanda, akuti akonzekere nyimbo za ubatizo ndi kiyibodi. Mayi a Tadala anawapatsa. "Wobatizidwayo ndi mwana wanu," akutero. Ndakaitenga kutchalitchi, pa kaliyala wa njinga. Yatheratu. Ndalumikiza mota, kapulopela kazungulira kamodzi mwaulesi n'kuima. Nyimbo akuti zapsa bwino.

Ndaibwezera pa sola. Ndakhala pambali pake kuyang'ana kanyali kofiira. Mwezi wonse kumwamba kwakhala kuli mbee, lero ndi lero kwabwera mitambo. Anthu akusangalala, akuti chizimalupsa chayandikira. Ndine ndekha m'boma lonse la Mchinji amene ndikupempherera dzuwa mu Okotobala.

Ndikanatha kupita ndi nkhafi zokha. Ndaganizapo. Koma mudzi wonse wamva za injini. Munthu wa ku Nkhotakota kukapalasa ndi timasupuni tapulasitiki pamaso pa a Layitoni, ayi. Ndidikira batire.

Masana, tsoka lachiwiri. Boti lafota mbali imodzi. Tiana ta mbuzi ta ahedi tapeza podumphira, ndatipeza tikusinthana, kamodzi kakutsika kena kakukwera. Mbuzi zandipangira upo sabata ino. Ndapaka thovu la sopo mpaka kupeza pobooka. Ndanyamula boti pamutu kupita kwa wokonza njinga, mphepo ikunditembenuza ngati chitseko. Wamata ndi solushoni ndi chigamba. "Chubu chachikulu chonchi, njinga yake ili kuti?"

Ndapopanso. Mikono imeneyi tsopano ikhoza kugwira khasu.

Madzulo kanyali kasanduka kachikasu. Osati kobiriwira. Kachikasu.

Pulani yatsopano: mawa mbandakucha, okapa asanadzuke. Ndikagwira zanga, ndikachoka, iwo akakape zotsala.

Mayi a Tadala akhala pakhonde, akusankha nyemba. Lichero lake ndi lalikulu lija.

Loweruka

Mbandakucha. Ngolo yatitula pa mkuyu: ine, boti, mota, batire. Mwini ngolo wakana kupitirira, akuti ng'ombe zake zititimira. Ndanyamula chimodzichimodzi. Batire ikulemera ngati thumba la feteleza.

Ndakankhira boti m'madzi. Layandama! Ndakwera. Ndakweza mota m'mwamba momwe ingathere, ndapotoza chogwirira.

Likuyenda!

Ndilembe ichi, chifukwa palibe wina adzachilemba. Linayenda. Mwakachetechete, mosalala, timafunde tiwiri kumbuyo, kamphepo kumaso. Akakowa anauluka. Ndinamva fungo la madzi a m'mawa, ndinakumbukira bambo anga atakhala kumbuyo kwa bwato. Kwa kanthawi kameneko ndinali kwathu.

Kenako mota yalira mwachilendo, boti lagwedezeka, laima. Kapulopela kalima thope, kakulunga neti yakale ya udzudzu ndi mizu ya bango. Ndakoka, sikutuluka. Ndazimitsa. Ndayesa kukankha ndi nkhafi, yatitimira n'kutsala komweko. Ndili pakati penipeni pa damu, wondimangirira ndi injini yanga yomwe.

Chabwino. Powedzera ndi pomwe pano. Ndaponya mbedza. Milamba ikupuma mbali zonse, ina ikugunda boti ndi mutu. Nyongolotsi sikuifuna.

Dzuwa latuluka, ndipo akubwera. Mudzi wonse. Azimayi ndi ndowa, mabeseni, madengu. Amuna ndi makasu. Aima m'mphepete kundiyang'ana. A Layitoni, manja kukamwa: "Alamu! Mukafika ku Likoma mutiimbire!" Kuseka kwake kwafika mpaka ku nazale.

Sakundidikira. Amuna aunda mzere wa thope kudula madzi pakati, waukulu ngati wa mbatata. Azimayi andanda pamzerepo n'kuyamba kukapa, kutayira tsidya linalo, akuimba. Ndikuyang'ana monyoza. Ndikuyang'anabe. Kenako ndikuona kuti thabwa la desiki likutalikirana ndi madzi.

Damu likukapika. Ndi ndowa.

Boti lakhala pansi ngati nkhuku pa mazira.

Ndituluke. Ndatsitsa mwendo umodzi, thope lameza mpaka m'ntchafu. Ndabweza mwendo, jombo yatsala. Potukula maso: apongozi! Pafupi moti ndikanawakhudza ndi nkhafi yotsalayo, atakwinda chitenje pamwamba pa mawondo, manja ali m'thope. Kumanzere kopatukira kulibe, kumanja kulibe. Ndatembenuka n'kuyang'ana mota. Ndayang'ana mota m'mawa wonse. Kabawuti kalikonse ndikukadziwa tsopano.

Kumbuyo kwanga chipwirikiti: kukuwa, kuseka, milamba ikuphiriphitha. Akugwira ndi manja. Madengu adzaza, kumtunda n'kutali, thope likugwira miyendo. Ndiye mawu a apongozi, akuyankhula ndi mphepo: "Wina awauze eni beseni ili akweze miyendo."

Beseni.

Ndakweza miyendo. Mlamba woyamba wagwera m'boti, phaa! Wachiwiri. Kenako mbali zonse, aliyense akuponya. Ndakhala pamwamba pa batire, mawondo kuchibwano, milamba ikukwerana pansi panga. Ndinalota boti ili litadzaza nsomba. Ladzaza.

Mlamba uli ndi minga m'mbali mwa mutu. Izi ndimazidziwa chibadwire. Ndazikumbukira nditamva psiii kumanja, kenako psiii kumanzere. Ndikanakuwa, koma kukuwira ndani? Woponya kwambiri ndi apongozi. Ndauza mota, motsitsa mawu, kuti boti likubooka. Apongozi auza ndowa yawo: "Likafota ndiye likokeka bwino."

Amuna azula mota m'thope ngati chinangwa. Chingwe chakutsogolo agwira apongozi ndi azimayi anzawo, atandipatsa msana, n'kukoka. Ndafika kumtunda choncho: chobwerera m'mbuyo, jombo imodzi, pakati pa milamba, wondikoka ali apongozi anga. Anthu aomba m'manja. Wina waimba nthungululu. Sindikudziwa ngati ndinayenera kuthokoza.

Pogawana, lamulo lawo n'lakuti chiwiya chilichonse chimene chagwira ntchito chimalandira gawo, molingana ndi kukula kwake. A Layitoni ati boti si chiwiya. Azimayi awakuwiza. Boti lalandira mulu woposa yonse.

Mwini ngolo wanyamula zonse: nsomba, mota, batire, ine, ndi boti lopinda ngati mmene linabwerera. Mayi a Tadala atiyang'ana tikufika, ayang'ana nsomba, ayang'ana phazi langa lopanda jombo. Aseka mpaka kukhala pansi. Kenako atenga mpeni n'kuitana aneba kuti adzathandize kutumbula.

Mbedza ndaipeza pomaliza, itakodwa pa thabwa. Nyongolotsi ikadalipo, yamoyo.

Lamulungu

Tadala wabatizidwa. Sanalire, madzi sawaopa. Mbali imeneyo watengera kwathu. Kwaya yaimba bwino mpaka kiyibodi yazima pakati pa nyimbo. Batire inali idakali ndi thope m'mbali. Sindinatukule mutu.

Kunyumba anthu adzaza, a ku Chipata omwe. Milamba yokazinga, milamba ya tomato, milamba yowamba. Nyemba palibe wazikhudza.

A Layitoni, mutu wa nsomba uli m'manja, mokweza kuti onse amve: "Alamu, chambo cha ndevu chimenechi munachikola ndi mbedza yanji?" Anthu ayamba kuseka. Ndiye kuchokera pamphasa ya azimayi, apongozi, osatukula mutu: "Layitoni, nsomba ukudyayo inabwera pa boti la alamu ako. Mbuzi yako ili kuti?" Kuseka kwatembenuka. A Layitoni apempha madzi akumwa.

Bodza sananene. Inabweradi pa boti langa.

Alendo atabalalika, ndili kuseri kwa nyumba. Ndapopa boti pang'ono, ndikupaka thovu la sopo kufuna mabowo. Paliponse pakuwira. Ndamva mapazi. Apongozi. Ndadzuka kuti ndipatuke: kumbuyo mgolo, kumbali thandala lachitsulo lija. Iwo sanapatuke. Aima, andiyang'ana kumaso. Maso awo ndi a mayi a Tadala enieni, zaka zonsezi sindimadziwa.

"Bambo a Tadala."

Kwa ine. Osati kwa bango, osati kwa ndowa. Ndanjuta. Mumtima ndati tsopano anena kuti mwana wawo anakwatiwa ndi msodzi.

"Beseni lanuli mulimate bwino. Chaka chamawa tidzalifunanso." Atembenuka, ayenda pang'ono, aimanso. "Injiniyo mudzaisiye kunyumba. Inuyo mudzabwere."

Ndati zikomo, amayi. Ndi koyamba kuwatchula choncho iwo akundiyang'ana, ndipo mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa Sitandade 1.

Mota ili pansi pa bedi. Batire yabwerera pa sola, mafoni a aneba ali pamzere, ya ahedi patsogolo. Thabwa ndibweza ku Sitandade 6 mawa ndisanafunsidwe. Mzungu wa chipewa uja mayi a Tadala ayatsira mbaula.

Zokagula pa Mkanda:
- solushoni, wambiri
- machubu akale a njinga
- jombo imodzi, ya kumanzere, ngati amagulitsa choncho
- ndowa